Kanyumba Koumitsira Nsomba Konunkhira Sopo

Iloilo,
18 Meyi 2024

Okondedwa Nanay, mayi anga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutani pokwera masitepe a kwa abwana anu. Ine kuno ndili bwino. Ndikudya, ndikugona, ndipo sindinapenge monga momwe azakhali, Tiyay Nening, akufalitsira kwa aliyense wodutsa pakhomo. Kalatayi ndapatsira Manang Perla amene akubwerera kumeneko ku Hong Kong mawa, pamodzi ndi kaphukusi ka nsomba zouma. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni sitimvana. Inu mumayamba kulira, ine ndimayamba kukweza mawu, kenaka nthawi yanu yopuma yatha tisanagwirizane kanthu. Papepala simungandidule pakamwa, inenso sindingakuduleni.

Nkhani mwaimva kale, koma mwaimva kuchokera kwa Tiyay, ndiye lekani ndiinene ndekha. Akuluakulu a yunivesite achotsa dzina langa pakati pa olandira madigiri mu Juni. Anati libwererapo ndikasaina tsamba lovomereza kuti zimene zalembedwa m'buku lathu la kafukufuku ndi zoona, ndipo anatipatsa mpaka Lachisanu. Ndikapanda kusaina, ndichedwa ndi chaka, ndipo mendulo ya okhoza bwino ija, imene munayenera kukwera pansanja kudzandiveka ndi manja anu, sindidzailandiranso, poti wochedwa sapatsidwa. Uthenga wanu Tiyay anandifikitsira wonse, ndi mchere wawo wowonjezera: ndipite, ndiweramitse mutu, ndisaine, chifukwa tikiti ya ndege munagula kale ndipo diresi munasoketsa. Nanay, sindisaina. Koma musanapinde kalatayi mokwiya, imvani kaye momwe zinayendera, kenaka mundikalipire mukudziwa chimene mukundikalipirira.

Muyambe mwawadziwa a Madamu Escarlan, amene amayang'anira kafukufuku wathu. Zaka zitatu zoyamba pa yunivesite pano ine ndinkakhoza chifukwa ndili ndi mutu wosunga zinthu. Mphunzitsi akalemba, ine ndakopera. Mayeso akafika, ndabweza momwe ndinalandirira, ngati munthu wobweza mbale yobwereka. Mayi amenewa atatitenga chaka chachinayi, zinthu zinasokonekera. Ukayankha funso sankanena kuti wakhoza kapena walakwa, ankangofunsa kuti wadziwa bwanji. Ukati zili m'buku, ankafunsa kuti nanga wolemba bukuyo anadziwa bwanji. Ukapereka chifukwa chimodzi, ankafuna china chimene chingabweretse zomwezo, kenaka njira yodziwira kuti choona ndi chiti. Tinkatuluka m'kalasi mitu ikuwawa. Renmark, mnzanga wa m'gulu wosatha nthabwala uja, anawapatsa dzina loti Madamu Wadziwabwanji. Ine ndinali woyamba kudana nawo, chifukwa ndi iwo anandipatsa malikisi otsika koyamba m'moyo wanga.

M'gulu lathu tinalimo atatu: ine, Renmark ndi Jovelyn, mtsikana wofatsa uja munamuona pa chithunzi cha Khirisimasi. Tinapatsidwa ntchito imene gulu lililonse limailakalaka chifukwa siitulutsa thukuta. Ku Baybay Gamay, mudzi wa asodzi wa kumpoto kuno, kuli kanyumba ka pulasitiki yoonekera, kokhala ndi mathandala m'kati, koumitsira nsomba ndi dzuwa popanda ntchentche kapena fumbi. Anakakonza ndi a Pulofesa Bedonia, mkulu wa gawo lathu la za nsomba, ndipo anakamanga kuseri kwa tchalitchi cha m'mudzimo. Chaka chilichonse gulu limodzi limapita kumeneko ndi mapepala a mafunso, kukafunsa amayi ngati akukhutira nako. Wosakhutira achonge 1, wokhutira kwambiri achonge 5. Chaka chilichonse mapepala amabwera atadzaza ma 5, gulu limalemba buku, limadutsa, aliyense n'kukondwa.

Ifenso tinachita chimodzimodzi. A kapitani, amene ali ngati mfumu ya mudziwo, anatisonkhanitsira amayi, amayiwo anachonga ma 5 awo mosachedwa, anatipatsa khofi ndi mpunga wophikira m'masamba, n'kutitsanzika. Tikudikira basi yobwerera kunagwa mvula ya mwadzidzidzi, ndipo pothawira papafupi panali m'kanyumba komweko. Titangolowa, Renmark anayamba kununkhiza uku ndi uku.

"Glaiza, kodi nsomba za kuno zimasamba ndi sopo?" anatero.

Nanay, inu mukulidziwa fungo la nsomba zouma momwe limakanirira. Mukazinyamula kamodzi kokha m'chikwama, chikwamacho chakhala cha nsomba mpaka kalekale. M'menemo munalibe fungo limenelo ngakhale pang'ono. Munalibe mamba, munalibe ntchentche yosochera, ngakhale mphaka sanaone chifukwa chodikirira pakhomo. Munali zingwe, ndipo pazingwepo panali mayunifolomu a ana a sukulu, matewera, ndi kabudula wamkulu amene Renmark analumbira kuti ndi wa a kapitani. Jovelyn anati sitinatumidwe kudzanunkhiza ife, mapepala adzaza, tiyeni tizipita. Ine ndinagwirizana naye.

Kwa a Madamu Escarlan ndinaifotokoza ngati nthabwala, ndikuyembekeza kuti aseka. Sanaseke. Anati, "Ndiye muli ndi zinthu ziwiri. Mapepala akuti 5, mphuno ikuti sopo. Mutaya chiti, ndipo chifukwa chiyani?" Anatiuza kuti tibwerere kumudziko popanda pepala, popanda cholembera, popanda a kapitani, ndipo tisafunse munthu kanthu mpaka titaona tokha.

Tinabwererako mokakamizika, ndikudandaula njira yonse. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse tinkakhala kumeneko, kuthandiza kutumbula nsomba ndi kuzinyika m'madzi a mchere, manja mpaka kusuwa. Poyamba tinaganiza kuti kanyumbako kachepa. Tinayeza, ndipo tinapeza kuti masiku ambiri nsomba za mabanja angapo zikhoza kukwanamo. Kenaka tinati mwina kali kutali ndi gombe, koma amayiwo amasenza nsomba zawo kudutsa pakhomo pa kanyumbako kupita kumsewu waukulu, kumene kuli kutali kuposa. Kenaka tinati basi, nsomba zake sizikoma. Tinapempha kuti achotse zovala tsiku limodzi, tinaumitsamo nsomba, n'kulawitsa anthu pamsika osawauza kuti izi zachokera kuti. Ambiri anasankha za m'kanyumba. Zinali zoyera, zopanda mchenga, zouma mofanana. Kanyumba ka a Pulofesa kalibe vuto lililonse, Nanay, ndipo mfundo imeneyi muigwire bwino, chifukwa Tiyay akuuza anthu kuti ndinanyoza ntchito ya munthu wamkulu.

Pamenepo maganizo anatithera. Ndinakhala pamwala m'mbali mwa msewu, pafupi ndi mathandala a Manang Soling, mmodzi wa amayi oumitsa nsomba aja, ndili wokhumudwa, ndikungoyang'ana magalimoto. Basi inaima, anthu anatsika, anagula, inapita. Kenaka galimoto ya banja lina inachepetsa liwiro, mayi anatulutsa mutu pawindo, analoza nsomba zikunyezimira padzuwa, galimoto inaima. Kenaka ina. Ndinadzimva wopusa ndi wokondwa nthawi imodzi. Mathandala a pamsewu aja sikuti ndi poumitsira pokha, ndiwo sitolo yawo. Nsomba zimauma uku zikudziitanira ogula. Ukazitsekera kuseri kwa tchalitchi ziuma bwino, inde, koma wodutsa saziona, ndipo mayi mmodzi sangakhale kumsewu ndi kutchalitchi nthawi imodzi. Vuto lawo lenileni tinali titaliona kale osalizindikira: mvula ikangoyamba, mudzi wonse umathamanga kukaola nsomba, ndipo zonyowa zimaonongeka.

Ndinawafunsa Manang Soling kuti nanga anachongeranji 5. Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chimene madzi a m'nyanja alili ndi mchere.

"Inday, mwanawe, munafunsa ngati tikukhutira nako. Tikukhutira nako kwambiri. Mvula yonse ija ana athu sanapite kusukulu ndi zovala zonyowa. Komanso munthu wachokera kutauni, wakumangira chinthu chaulere, wadya nawe pamodzi, iwe n'kumulembera 2? Unaleredwa kuti iwe?"

Sananame amayi aja. Ife ndi amene tinapita ndi funso lolakwika, ndipo magulu onse a m'mbuyo anapita ndi lomwelo. Safunsa anadya phula, koma ndaona kuti wofunsa molakwika amadyanso phula lomwelo, kusiyana kwake n'kwakuti iye amalidya ali ndi umboni wa manambala.

Tinayesa kuthana ndi vuto la mvulalo. Tinapinda nsungwi n'kuyalapo pulasitiki, kuti mayi mmodzi azitha kukoka ndi dzanja limodzi n'kuphimba thandala lonse pomwepo pamsewu. Chophimba choyamba chinauluka ndi mphepo n'kukagwera m'khola la nkhumba, ana a m'mudzi anatiseka mpaka kugubuduka. Chachiwiri chinkadontha pakona. Chachitatu chikugwira ntchito, ngakhale ukachisiya chophimba nthawi yaitali nsomba zimachita thukuta, ndipo zimenezi sitinazipezere njira. Sindikunamizani kuti tathetsa zonse. Koma Jovelyn, yemwe uja ankati tizipita, ndi amene anaganiza zoboola timabowo m'mbali, ndipo tsiku limenelo ndinamuona akutsutsana ndi Renmark mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka. Zonsezi tinazilemba m'mutu wachinayi wa buku lathu, ndi ma 5 omwe, osabisa kanthu.

Tsiku loteteza kafukufuku pamaso pa aphunzitsi atatu linafika. Tiyay Nening anaphika mpunga wa valenciana mphika wonse, mayi ake a Jovelyn anatumiza nkhuku zootcha, Renmark anabweretsa zakumwa. Ophunzira a m'magulu a m'mbuyo anali atatiphunzitsa kale mwambo wake: aphunzitsi akhute kaye, ndipo chilichonse chimene anene, yankho ndi limodzi, lakuti tamva, tikakonza. Amalitcha tsiku loteteza, koma sindinamvepo kuti wina anatetezapo kanthu. Wapampando anali a Pulofesa Bedonia eni ake. Khoswe anali atakhala pamkhate, ndipo tonse tinkadziwa.

Musawaone ngati munthu woipa. Anandiphunzitsa bwino chaka chachiwiri, ndipo kanyumba kaja anakamanga ndi mtima wofuna kuthandiza. Anadya, anayamikira valenciana wa Tiyay, anapukuta manja, n'kuyamba kutsegula masamba. Atafika pa mutu wachinayi nkhope inasintha. Anati mutu umenewu uchoke wonse, chifukwa tinatumidwa kukayeza ngati anthu akukhutira, ndipo manambala akuti akukhutira. Anati mphuno si chipangizo choyezera. Kenaka anatiuza chiganizo choti tilembe pomaliza: kuti amayi a ku Baybay Gamay akuumitsira nsomba m'kanyumbamo, ndipo n'koyenera kumanga tina m'midzi ina. Mabuku athuwa, Nanay, ndi amene amapita nawo kwa opereka thandizo.

Jovelyn anati tamva, tikakonza. Renmark anang'ung'udza zomwezo. Ine pakamwa panakana. Ndinaimirira, manja kumbuyo, monga munandiphunzitsira.

"Pepani bwana, kanyumba kanu ndi kabwino. Tinakayesa, nsomba zake zimaposa za pamsewu. Cholakwika ndi funso lathu. Koma kunena kuti akuumitsiramo nsomba sitingathe, chifukwa sakuumitsiramo."

Anandifunsa ngati ndikutanthauza kuti magulu onse a m'mbuyo anali opusa. Ndinati ayi, anayankha bwino funso limene anafunsa. Kenaka a Pulofesa anavula magalasi, anatembenukira kwa anzawo awiri aja, n'kunena mawu amodzi okha.

"Pilosopa."

Anzawo anaseka pang'ono, kuseka kwa ulemu. Ine ndinakumbukira inu. Ndi mawu amene munkandinena ndili wamng'ono, ndikafunsa kuti bwanji Kuya, mchimwene wanga, akudya kaye pomwe madzi ndatunga ndine, kapena kuti bwanji sitisesa dzuwa likalowa. Sindikukuimbani mlandu, Nanay, nanunso anakunenani choncho agogo. Koma mwaonapo kudabwitsa kwake? M'mabuku mawu omwewo amatanthauza munthu wokonda nzeru, ndipo timaloweza mayina a anthu oterowo kuti tikhoze mayeso. Kunja kwa buku ndi mawu otsekera pakamwa mwana wamakani. Ndinapirira nawo kunyumba chifukwa ndinali mwana. Kuwamva m'yunivesite, pa tsiku lotchedwa loteteza, kuchokera kwa munthu amene pakhomo la ofesi yake pali chikwangwani cholimbikitsa ophunzira kuganiza mozama, zinandipweteka ndipo zinandikwiyitsa. Ndinakhala pansi, ndipo potuluka ndinanyamula mphika wa Tiyay.

Chimene chinandipweteka koposa chinabwera pambuyo pake. A Madamu Escarlan anandiitana masana ena pansi pa mtengo wa kuseri kwa laibulale. Pa tsiku loteteza anali atakhala pakona osaloledwa kulankhula, ndipo ndinkadziwa kuti iwonso ntchito yawo ndi yongowonjezeredwa chaka ndi chaka, ndi siginecha ya a Pulofesa omwewo. Ndinkayembekeza kuti andilimbitsa mtima. Sanatero.

"Glaiza, saina. Ndinakuphunzitsa kuganiza, sindinakuphunzitse kudziwotcha. Tenga digiri yako, amayi ako akuveke mendulo, ukalimbane uli kunja."

"Madamu, mwadziwa bwanji kuti ndikatuluka ndidzalimbana?"

Sindinafunse mwachipongwe, ndinkafunadi kudziwa. Anaseka, misozi ili m'maso, n'kunena kuti alibe umboni. Ndinawauza kuti inenso ndilibe. Umboni umene ndili nawo ukuloza kwina: aliyense amene ndimamudziwa amene anati aweramitse mutu kamodzi kokha, lero khosi linazolowera. Sanandikakamizenso. Anangondigwira paphewa nthawi yaitali, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati ankandinyadira kapena ankandimvera chisoni.

Za anzanga musadandaule, sindinawakokere m'dzenje langa. Jovelyn akumudikira kuntchito pa fakitale ya nsomba za m'zitini ku General Santos, ndipo ali ndi azing'ono ake atatu amene akuyang'ana kwa iye. Analira pondiuza kuti asaina. Ndinamuuza kuti asaine, ndipo ndinanena kuchokera pansi pa mtima. Tinakapempha kwa mkulu wa sukulu kuti gulu ligawike, ndipo analola: iwo awiri apereke buku lokonzedwalo, dzina langa lichokepo, ine ndikafuna ndiyambirenso ndekha. Renmark anasaina akutukwana chapansipansi. Potuluka anandiuza kuti ndine chitsiru chachikulu m'chigawo chonse cha Iloilo, ndipo kuti Loweruka lililonse azibwerabe kudzandipindira nsungwi, chifukwa ine ndikapinda ndekha zigweranso m'khola la nkhumba. Sindiwaweruza. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo m'mimba mwa aliyense mumapweteka mosiyana.

Tsopano ndifike pa mawu anu. Tiyay akuti munati inu mwakhala mukunena kuti inde madamu kwa abwana anu zaka zonsezi, m'mawa ndi madzulo, ngakhale pamene madamuwo alakwitsa, ndipo simunafe nazo. Munati mawu a akulu akoma akagonera. Nanay, ndikudziwa. Ndikudziwa kuti buku lililonse limene ndatsegula pano, mwalitsegula ndinu ndi inde madamu ameneyo. Palibe tsiku limene ndimaiwala, ndipo pamene ndikulemba izi manyazi akundigwira. Koma ndiloleni ndifunse, ngakhale mundinene mawu aja. Munapirira zonsezo kuti ine ndidzakhale ndani? Ngati n'kuti ndidzanene inde bwana nditavala mkanjo ndi chisoti, ndiye kuti munavutika kuti mwana wanu adzagwire ntchito yanu yomweyo m'chipinda chozizira bwino. Ine sindikhulupirira kuti ndicho munapitira. Inu mukati inde madamu, wovutika ndinu nokha, ndipo ndi ulemu wanu umene mumalipira. Ine ndikati inde bwana, tinyumba tina timangidwa kuseri kwa matchalitchi ena, amayi ena achonga ma 5 mwaulemu, ndipo mvula ikagwa azithamangabe ndi nsomba zonyowa.

Sindikudzitama kuti ndine wolimba mtima. Ndikuopa. Ndikuopa kuti chaka chamawa wapampando adzakhala yemweyo. Ndikuopa kuti vuto la thukuta lija lindikanika, ndipo anthu adzati mwana uja anataya mendulo chifukwa cha pulasitiki ndi nsungwi. Masiku ena ndikadutsa pa holo ndikumva anzanga akuyeserera kuyenda pamzere ndi nyimbo ya tsiku lolandira madigiri, ndimakhotera njira ina. Koma walira mvula walira matope. Mutu umene a Madamu Escarlan anaudzutsa sukufuna kugonanso, ndipo ine sindiugoneka.

Pali chinthu chimene ndakhala ndikuchizungulira kuyambira tsamba loyamba. Ndinati anatipatsa mpaka Lachisanu. Lachisanu lake linali dzulo, Nanay. Lero ndi Loweruka. Ndinapita kusukulu, ndinaperekeza Jovelyn mpaka pakhomo la ofesi, ndinamugwirira chikwama akusaina, ndipo ofesi itatsekedwa ndinabwerera kunyumba. Tiyay sakudziwa, akuganiza kuti nthawi ikadalipo, ndipo akadali kuyatsa makandulo kutchalitchi kuti mutu wanga ufewe. Ndinafuna kuti mumve kwa ine, osati kwa wina. Ndiye musataye mpumulo wanu wa Lamulungu kufunafuna woti akandipepesere kwa a Pulofesa. Palibenso choti n'kupempha. Mendulo ija simudzandiveka, ndipo ndine ndakulandani. Pa chimenechi chokha ndikupepesa ndi mtima wanga wonse.

Pempho langa ndi limodzi. Tikiti musabweze. Bweranibe mu Juni. Ndilibe nsanja yoti ndikukwezenipo, koma ndikufuna kukuonani, ndikufuna mundikalipire maso ndi maso, m'khitchini mwathu, osati pafoni yodukaduka. Diresi mubwere nayo, muivale tsiku lililonse limene mungakonde. Mukafuna tidzapita limodzi ku Baybay Gamay. Nsomba za m'kaphukusizo zachokera pa thandala la Manang Soling, ndipo mvula inazipeza kawiri koma sizinanyowe.

Mundiperekere moni kwa Manang Cora ndi amayi onse amene mumacheza nawo Lamulungu mukapuma ntchito, mutakhala pamakatoni m'mbali mwa msewu. Ndikudziwa kuti munawauza kale za mendulo, ndipo ndikudziwa kuti kubwerera kwa iwo ndi nkhani ina kukhala kowawa. Auzeni zimene mungathe. Mukafuna kunena kuti mwana wanu ndi wamakani, nenani, sindikana. Kuya akupereka moni, akuti njinga yamoto ija yakonzedwa. Tiyay akupereka moni, ngakhale ine sakundilankhula bwinobwino.

Mundiperekerenso moni kwa kamnyamata ka abwana anu, Ho Yin, kamene mwakalera kuyambira kali khanda. Nthawi zonse mukaimba mumandisimbira momwe kakufunsirani mafunso osatha, kuti bwanji mwezi ukutitsatira, bwanji nsomba sizitseka maso, ndipo mumaseka monyadira n'kunena kuti kamwana kameneka kadzapita patali. Ndimamvetsera, ndimaseka nanu, ndipo sindinakuuzenipo kuti ndimakachitira nsanje. Kakadzakufunsaninso kanthu, mukayankhe monga mumachitira, moleza mtima. Kenaka mukumbukire kuti kuno muli ndi wanu wofunsafunsa, amene munamusiya asanamalize mafunso ake.

Tsiku lolembedwa pa tikiti yanu ndidzakhala pabwalo la ndege, kutsogolo kwenikweni. Mukapanda kutuluka ndidzamvetsa, ndipo ndidzakukondanibe chimodzimodzi.

Ndine mwana wanu, ndipo pansi pa zonse zalembedwa apa ndikusaina ndi dzanja losanjenjemera,

Glaiza Belandres